Mazira a Agogo ndi Utoto Wobiriwira wa ku Labu

Malachite green ndi utoto wobiriwira wopangidwa m'fakitale. Suchokera ku masamba kapena ku makungwa a mitengo monga utoto wa makolo. Umachokera ku mankhwala amene poyamba ankatengedwa ku phula la malasha. Ukakhala wouma umakhala timiyala tonyezimira, koma kachidutswa kakang'ono kakagwera m'madzi, chidebe chonse chimabiriwira mopendekera ku buluu. Dzina lake linatengedwa ku malachite, mwala wobiriwira wa kopa umene umakumbidwa ku Zambia ndi ku Katanga, ngakhale kuti mu utotowo mulibe kopa ngakhale pang'ono. Uli ndi abale ake awiri odziwika bwino. Wina ndi brilliant green, amene nayenso ndi wobiriwira. Wina ndi gentian violet, jivi uja wa mtundu wa pepo amene amayi a ku Malawi akhala akupaka ana pa zilonda za m'kamwa.

Mbiri ndi ntchito za utotowu zinafotokozedwa mwatsatanetsatane pakhonde lina ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumene kachewere amachita bwino chifukwa cha kuzizira. Mnyamata wina wophunzira ntchito ya labu ya chipatala ku Lilongwe anabwera kutchuthi kwa agogo ake aakazi, mayi wamasiye wa Chingoni woweta nkhuku. Pochapa zovala za mdzukulu wawo, agogowo anapeza banga lobiriwira pamkono wa chovala chake choyera cha kuntchito. Sopo anatha theka, banga osasuntha.

Agogo: Iwe, tabwera kuno. Ng'ombe ija tinagulitsa kuti ukaphunzire za chipatala. Nanga ichi n'chiyani? Ku Lilongweko ukupenta nyumba za anthu eti?

Mdzukulu: Si penti ameneyo, agogo. Ndi utoto wa kulabu, dzina lake malachite green.

Agogo: Malaki ndikumudziwa, ali kumapeto kwa Chipangano Chakale. Giriniyo ndiye sindinamumvepo kutchalitchi.

Mdzukulu: Si munthu, ndi mankhwala. Ndipo musavutike n'kuchapa, sauchoka msanga. Kukakamirako ndiye ntchito yake.

Agogo: Bwenzi utandiuza sopo wanga asanathe. Anaupanga ndani utoto wamakani chonchi?

Mdzukulu: Zinayamba ndi malungo. Mu 1856 mnyamata wina wa ku London, William Perkin, ali ndi zaka 18, ankafuna kupanga kwinini kuchokera ku mankhwala a phula la malasha, chifukwa kwinini weniweni ankachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America ndipo anali wodula.

Agogo: Kwinini uja woliza makutu?

Mdzukulu: Yemweyo. Koma m'botolo mwake munatuluka matope akuda. Pomatsuka botololo ndi sipiriti, anaona madzi akusanduka pepo. Atanyikamo nsalu ya silika, mtundu unagwira bwino.

Agogo: Ndiye kuti analephera.

Mdzukulu: Analephera, koma anatsegula fakitale n'kulemera.

Agogo: Iwe usatengere zimenezo. Ukalephera ku Lilongweko, khasu lako lili kuseri kwa nkhokwe.

Zimene Perkin anapeza mwangozi zinatsegulira njira mafakitale, makamaka a ku Germany, amene anayamba kupikisana popanga mitundu yatsopano. Heinrich Caro anapanga methylene blue mu 1876. Chaka chotsatira, mu 1877, katswiri wina dzina lake Fischer anapanga malachite green, ndipo brilliant green anatsatira patangopita zaka zochepa. Cholinga chinali malonda basi: kunyika silika, ubweya wa nkhosa, zikopa ndi mapepala. Koma madokotala a nthawi imeneyo anali ndi vuto lawo. Tizilombo toyambitsa matenda tilibe mtundu, choncho ngakhale pa maikulosikopu tinkangosowa m'kuwala. Anaona kuti utoto wa nsalu umakakamiranso ku tizilombo, ndipo mtundu wina umagwira tizilombo tina n'kusiya tinzake. Pa 24 March 1882, ku Berlin, Robert Koch analengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu, atakaonetsa poyera ndi methylene blue. N'chifukwa chake tsikuli limakumbukiridwa chaka chilichonse pa dziko lonse ngati tsiku la TB.

Agogo: Chifuwa chachikulu usandiphunzitse ine. Agogo ako aamuna anapita ku Joni pa Theba, anabwerako ndi wailesi, chipewa ndi chifuwa. Wailesi inafa, chipewa anaba pamowa, chifuwa chokha ndi chimene chinakhalitsa.

Mdzukulu: Fumbi la m'migodi limawononga mapapo, ndipo anthu ankagona mothinana m'makomboni. Ambiri anabwera nayo TB kumeneko. Kodi kuchipatala anawapatsa kabotolo kolavuliramo?

Agogo: Anawapatsa, ku Boma kuja. Ine ndinakana kunyamula. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kupereka makhololo kwa ana a eni ake! Makhololo a munthu sapatsa mlendo, angakuchite nawo chipongwe.

Mdzukulu: Ana a eni akewo ndiye ife, agogo.

Agogo: Ha! Ng'ombe yanga yonse ija kuti uziyang'ana makhololo?

Mdzukulu: Timawapaka pa kagalasi, n'kuwaumitsa. Kenako timathirapo utoto wofiira wotchedwa carbol fuchsin, n'kutenthetsa pansi pake mpaka nthunzi ituluke. Kachilombo ka TB kali ndi khungu la mafuta olimba, ndiye utoto sulowa wamba, koma ukalowa sutulukanso. Tikatsuka ndi asidi, zina zonse zimayera, ka TB kokha kamatsala kofiira. Pomaliza timathira utoto wachiwiri kuti kumbuyo kukhale mtundu wina. Malabu ambiri amathira wa buluu, ena amathira wobiriwira uwu. Ukasuzumira pa maikulosikopu umaona timitengo tofiira, topyapyala, tili pabwalo lobiriwira.

Agogo: Kuvekedwa zofiira pakati pa zobiriwira, ndiye kuti wakubayo wagwidwa masana.

Njira imeneyi imatchedwa Ziehl-Neelsen, potengera madokotala awiri a ku Germany amene anaikonza m'zaka za m'ma 1880. Ndi yotsika mtengo, ndipo ndi imene inanyamula ntchito yolimbana ndi TB m'zipatala za maboma a Malawi kwa zaka zambiri. Kufooka kwake n'kwakuti imafuna tizilombo tochuluka: pafupifupi 5,000 mpaka 10,000 pa mililita imodzi ya makhololo kuti diso litione. Wodwala amene ali ndi tizilombo tochepa, monga ana ndiponso anthu ambiri amene ali ndi HIV, akhoza kuuzidwa kuti palibe chapezeka pamene matenda alipo. Pofuna kupeza tizilombo tochepa chotero, pafunika kutiweta kuti tichulukane. Apa ndi pamene malachite green amagwira ntchito ina yaikulu.

Agogo: Wati chiyani? Kuweta?

Mdzukulu: Inde. Timatipatsa chakudya ndi malo ofunda kuti tiswane.

Agogo: Anthu akuweta mbuzi, ena nkhumba, amuna anga akuweta chifuwa. Mukatigulitsa pa msika wa Lizulu kodi?

Mdzukulu: Sitigulitsa. Tikachuluka m'pamene timatiwona ndi maso, n'kudziwa kuti wodwala ali ndi TB, ndiponso kuti ndi mankhwala ati amene angatiphe.

Agogo: Chabwino. Ziweto zakozo zimadya chiyani? Madeya?

Mdzukulu: Mazira.

Agogo: Bwereza.

Mdzukulu: Mazira a nkhuku, agogo. Timawatsuka, kuwapukuta ndi sipiriti, kuwaswa, kuwatakasa mpaka choyera ndi chachikasu cha dziralo zisakanikirane, n'kuwasefa. Kenako timathiramo michere ina, glycerol, asparagine ndi utoto wobiriwirawu. Kaphikidwe koyambirira kamafunanso ufa wa kachewere, ngakhale malabu ena masiku ano sauikamo.

Agogo: Mazira ndi kachewere! Chakudya chimene ine ndimaphikira abusa akabwera kudzayendera mudzi! Mwana wa sukulu kuno amalawa dzira pa Khirisimasi, inu mukuphikira chifuwa?

Mdzukulu: Ndipo si mazira wamba. Akhale atsopano, osapitirira sabata imodzi, ndiponso a nkhuku zimene sizinadyetsedwe mankhwala opha tizilombo. Nkhuku ikamadya mankhwala otere, ena amatsalira m'dzira, ndiye tizilombo ta TB sitimera.

Agogo: Tsono apo walankhula. Nkhuku zanga zimadya chiswe ndi zitete, sizidziwa jakisoni. Uwauze akuluakulu ako kuti ku Tsangano kuli mazira, koma ngongole ayi. Boma ndimalidziwa pa kalipiridwe.

Mdzukulu: Zosakanizazo timazithira m'timabotolo ta zitsekerero, n'kutigoneka mopendekera, kenako kutitenthetsa pa madigiri 85 kwa mphindi pafupifupi 45 mpaka dzira ligwirane. Zimatuluka zolimba, zosalala, zobiriwira motuwa.

Agogo: Mchere mumathira, mafuta mumathira. Anyezi?

Mdzukulu: Anyezi ayi.

Agogo: Alendo akowo ndi osavuta. Nanga utotowo ndi wa chiyani, wokongoletsa mbale?

Mdzukulu: M'kamwa ndi pakhosi pa munthu pali tizilombo tambirimbiri tosakhudzana ndi TB. Tina timagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Ka TB n'kaulesi, kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawikane kamodzi. Mukaziika pamodzi pa dzira, tothamangato timadya zonse, botolo limaola m'masiku awiri, ka TB kasanayambe n'komwe. Malachite green amaletsa tizilombo tinato kukula, koma ka TB, chifukwa cha khungu lake la mafuta lija, kamapirira.

Agogo: Ndiye kupalira kumeneko. Udzu ufe, mbewu itsale.

Mdzukulu: Mwakhoza, agogo. Aphunzitsi athu anatenga ola lathunthu kuti anene zimenezo.

Agogo: Akanabwera kuno ndikanawauza ulere, ng'ombe yanga ikanakhala ili m'khola.

Chakudya cha tizilombo chimenechi chimatchedwa Löwenstein-Jensen, kapena LJ mwachidule. Anachiyambitsa ndi Ernst Löwenstein wa ku Vienna, ndipo Kai Adolf Jensen wa ku Denmark anachikonzanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Utoto wokha sukwanira kugonjetsa tizilombo tonse ta m'kamwa, choncho makhololo amayamba asakanizidwa ndi sodium hydroxide, mankhwala amene amawasungunula ndi kupha tizilombo tofooka. Zotsalazo zimapakidwa pa dzira lija, ndipo timabotolo timaikidwa m'kabati yofunda madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Wa labu amatiyendera sabata iliyonse. TB ikakhalapo, pakapita masabata awiri mpaka asanu ndi atatu pamamera timiulu touma, tokhakhala, totuwa mopita ku chikasu, timene timaonekera bwino pamwamba pa zobiriwirazo. Utotowo ndiye kuti wagwira ntchito ziwiri, kuletsa tizilombo tosafunika ndi kuonetsa tofunikato. Njirayi ikhoza kupeza TB ngakhale pamene pa mililita imodzi pali tizilombo 10 mpaka 100 tokha.

Kuweta TB ndi ntchito yoopsa, chifukwa botolo limodzi limakhala ndi tizilombo tamoyo tosawerengeka. Sikuchitika pa chipatala chilichonse. Pa chipatala cha boma cha Ntcheu makhololo amayezedwa pompo, koma ofunika kuwetedwa amatumizidwa ku malabu akuluakulu, monga National TB Reference Laboratory ku Lilongwe, kumene kuli zipinda ndi makabati oteteza ogwira ntchito ku mpweya wa tizilombo.

Agogo: Miyezi iwiri munthu akutsokomola, inu mukudikira kuti ziweto zanu zinenepe? Mukamadzabwera ndi yankho mudzapeza tikuphika phala la pamaliro.

Mdzukulu: Dandaulo limenelo ndi loona. N'chifukwa chake kunabwera makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu December 2010. Amenewa safuna kuweta. Amafufuza chizindikiro cha kachilombo m'makhololo, ndipo m'maola awiri amanena ngati TB ilipo, komanso ngati ikukana rifampicin, amene ndi amodzi mwa mankhwala ake amphamvu. Wodwala amayamba mankhwala osadikira mazira. Kulinso njira yowetera m'madzi apadera, imene imafulumira kuposa dzira.

Agogo: Basi ndiye mazira anga apulumuka.

Mdzukulu: Osati onse. Makinawo amaona chizindikiro cha kachilombo ngakhale katafa kale. Munthu amene ali ndi TB yosamva mankhwala akamalandira chithandizo, timafuna kudziwa ngati tizilombo take tikadali moyo. Chakufa sichimera. Ndiye timawetabe, mwezi ndi mwezi, mpaka botolo likhale lopanda kanthu.

Agogo: Agogo ako aja anamwa mapilitsi miyezi iwiri, atamva bwino anati achira, otsalawo anasunga m'thumba la jekete kuti adzathandize tsiku lina.

Mdzukulu: Kumeneko ndiye kumabala TB yosamva mankhwala. TB wamba imafuna miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere.

Agogo: Ukanabadwa msanga ukanawauza wekha. Ine ankati mkazi sadziwa za ku Joni.

Ntchito inanso ya malachite green m'labu ndi kuonetsa timbewu ta tizilombo. Mabakiteriya ena, monga oyambitsa kafumbata ndi anthrax, zinthu zikawavuta amadzitsekera m'chikhokhombe cholimba n'kugona m'dothi zaka zambiri, osaopa dzuwa kapena chilala. Utoto wamba sulowa m'timbewu timeneti. Mu 1933 Alice Schaeffer ndi MacDonald Fulton a ku America anafalitsa njira imene ophunzira a labu amaphunzirabe mpaka lero.

Mdzukulu: Banga lija linachokera pamenepa. Timathira utoto wobiriwira pa kagalasi, n'kukaika pamwamba pa madzi owira kwa mphindi zisanu kuti nthunzi ikankhire utoto m'kati mwa kambewu. Wanga unasefukira pamkono.

Agogo: Mumatifukiza? Iwe yemwe, ndikati funda bulangeti udzifukize ndi masamba a bulugamu, umati n'zachikale!

Mdzukulu: N'zosiyana, agogo. Ife sitikuchiza tizilomboto, tikutipaka mtundu.

Agogo: Nthunzi ndi nthunzi, amuna anga. Pitirizani.

Mdzukulu: Kagalasi kakazizira timatsuka ndi madzi. Utoto umachoka paliponse kupatula m'timbewu. Kenako timathira wofiira wotchedwa safranin. Thupi la kachilombo limaoneka lofiirira, kambewu kali m'kati mwake kobiriwira. Mukukumbukira mvuu zimene zinafa mumtsinje wa Shire ku Liwonde chakumapeto kwa 2018? Inali anthrax, ndipo boma linaletsa anthu kudya nyama yake. Ng'ombe nayonso ikafa mwadzidzidzi, magazi akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, siyenera kusendedwa. Mukaitumbula, tizilombo timakumana ndi mpweya n'kupanga timbewu tija, dothi la pamalopo limakhala loopsa zaka zambiri. Muitane alangizi a ziweto.

Agogo: Kumuuza Mngoni kuti akwirire ng'ombe yathunthu! Amalume ako akamva zimenezi adzati sukulu yakupengetsa.

Mdzukulu: Adzanene, koma asadye.

Mbale wa malachite green uja, brilliant green, ali ndi ntchito zofanana. Nayenso amaletsa gulu lina la mabakiteriya n'kusiya lina, ndipo malabu oyeza madzi ndi zakudya amadalira khalidwe limeneli. Madzi a pachitsime akathiridwa m'msuzi wa brilliant green, ndulu ndi shuga wa mumkaka, tizilombo ta gulu la coliform, timene timachenjeza kuti madziwo mwina akhudzana ndi chimbudzi, timakula ndi kutulutsa mpweya umene umakodwa m'kachubu kozondotsa pasanathe maola 48. Palinso chakudya china cha utoto womwewu chowetera Salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba kamene kamapezeka m'nyama ya nkhuku ndi m'mazira osapsa. Koma brilliant green amadziwika kwambiri kunja kwa labu, pakhungu la anthu.

Mdzukulu: Ku Russia ndi ku Ukraine pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kabotolo kake. Amautcha zelyonka. Ndi utoto wochepa wosungunulidwa mu sipiriti. Mwana akagwa n'kusupuka bondo, amamupaka. Akadwala katsabola, amamudontheza pa chithuza chilichonse, thupi lonse mawangamawanga obiriwira.

Agogo: Ngati nkhanga ya kumanda. Amachira?

Mdzukulu: Katsabola amatha yekha, utotowo supha kachilombo kake. Umathandiza kuti zithuza zisalowe mafinya, ndipo mayi amadziwa kuti chithuza chopanda utoto ndi chatsopano. Zatsopano zikasiya kutuluka, matenda akupita kumapeto.

Agogo: Ndiye jivi wawo ameneyo. Ife kuno ana onse ankayenda pakamwa pali pepo. Bambo ako ndinawapaka mpaka anthu ankati adya nthudza.

Mdzukulu: Ndi a banja limodzi ndithu. M'zipatala zina za ku America ankasakaniza jivi, brilliant green ndi mankhwala ena achitatu, n'kumapaka pamchombo wa khanda.

Agogo: Ndibweretsere botolo limodzi. Maso angawa akuchita nkhungu, mwina ndingadonthezemo.

Mdzukulu: M'maso ayi, agogo! Umawotcha diso. Mu 2017 wandale wina wa ku Russia, Alexei Navalny, anthu anamuthira zelyonka kumaso, diso lake lamanja linapsa mpaka anakachitidwa opaleshoni. Utotowu ndi wa pakhungu pokha, pa kabala kakang'ono. Sumwedwa, suthiridwa pa bala lakuya, ndipo wa kulabu uja si wopaka munthu n'komwe. Za maso anuwo tipita ku Boma akakuoneni, mwina ndi ng'ala.

Agogo: Ulipira minibasi ndiwe.

Malachite green akasakanizidwa ndi mankhwala ena amataya mtundu wake n'kukhala woyera ngati madzi. Akatero amatchedwa leucomalachite green. Mtundu umabwereranso akakumana ndi magazi pamodzi ndi hydrogen peroxide, chifukwa haemoglobin, chinthu chofiiritsa magazi, imafulumizitsa kusinthako. Ofufuza milandu m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli. Amapukuta banga lokayikitsa ndi kathonje, n'kudonthezapo mankhwala awiriwo. Kathonje kakabiriwira nthawi yomweyo, pamalopo pakhoza kukhala magazi, ngakhale akale.

Agogo: Madzi oyera n'kubiriwira akaona magazi? Kumeneko n'kuombeza. Sing'anga wa ku Mozambique kuseri kwa msewuku amachita zomwezo, koma iye mumati ndi wabodza chifukwa savala choyera.

Mdzukulu: Kusiyana kwake n'kwakuti ife timavomera kuti mankhwalawa akhoza kunama. Madzi a zomera zina nawonso amawabiriwitsa. Ndiponso sasiyanitsa magazi a munthu ndi a mbuzi. Amangolozera poyambira, kenako pamafunika kuyeza kwina kotsimikizira.

Agogo: Ndiye asabwere nawo kuno. Mpeni wanga wapha nkhuku zosawerengeka, angandimange ulere.

Mbali yomaliza ya nkhaniyi ndi ya nsomba, ndipo ndi pamene kuopsa kwa utotowu kunaonekera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, oweta nsomba ku America ndi ku Ulaya ankathira malachite green m'madamu mwawo pofuna kupha chuku choyera chimene chimamera pa mazira ndi pakhungu la nsomba, komanso tizilombo toyambitsa timadontho toyera. Anali mankhwala otchipa ndi amphamvu. Pambuyo pake kunapezeka kuti nsomba ikamwa utotowu, thupi lake limausandutsa leucomalachite green uja wopanda mtundu, amene amabisala m'mafuta a nsombayo kwa miyezi. Wogula sangaone kanthu. Kafukufuku wa pa makoswe ndi mbewa za m'labu anasonyeza kuti mankhwalawa amawononga maselo ndipo akhoza kuyambitsa zotupa m'chiwindi. Dziko la United States linaletsa kuwagwiritsa ntchito pa nsomba zodya mu 1983, ndipo mayiko a European Union ndi Canada salola nsomba zimene zapezeka nawo. Mlimi wa nsomba wa ku Malawi amene chambo chake chadwala m'damu ayenera kufunsa alangizi a za nsomba, osathiramo utotowu.

Mdzukulu: Kumene ukuloledwabe ndi pa nsomba zokongoletsa nyumba. Mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi zimagulitsidwa ku Ulaya, anthu amazisunga m'mabokosi a galasi pabalaza. Zikadwala timadontho toyera, amazithirira utoto womwewu.

Agogo: Akazichiza amadya liti?

Mdzukulu: Sadya. Amangoziyang'ana.

Agogo: Ndiwo zili pabalaza, munthu n'kumangoziyang'ana?

Mdzukulu: Amazidyetsanso, ndi kuzigulira magetsi.

Agogo: Azungu nsomba sadya, inu mazira mukupatsa chifuwa, ng'ombe mukuti tikwirire. Sukulu imeneyi cholinga chake n'chakuti anthu agone ndi njala. Koma tamvera, timabotolo ta zitsekerero tija, ziweto zako zikatha kudya, undisungireko tiwiri. Kena ka mchere, kena ka fodya wanga wa m'mphuno.

Mdzukulu: Timeneto ndiye simudzatiwona, agogo. Ndikakugulirani tatsopano pa Tsangano Turn-off.

Botolo lililonse limene munawetedwa TB limayamba laphikidwa m'chimphika cha nthunzi chotchedwa autoclave, pa madigiri 121, lisanatsukidwe kapena kutayidwa, ndipo silituluka m'labu kupita kunyumba ya munthu. Utoto wa malachite green nawonso umasungidwa m'botolo lolembedwa dzina, lotsekedwa bwino, kutali ndi dzuwa chifukwa kuwala kumaufooketsa, ndipo woutunga amavala magolovesi.